CHENJEZO: Malonda a juga achotsedwe pa wailesi, pamakoma ndi m'mafoni a ana athu

Ndikulankhula ndi inu anyamata a pa Chitakale, pa Nkando, pa Limbuli mpaka ku Muloza, komanso inu makolo anzanga amene mwangoti duu ngati simukuona zimene zikuchitika kuno ku Mulanje. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye musandide. Kale wotchova juga ankabisala kuseri kwa msika ndi makhadi ake, akaona wapolisi liwiro la mtondo wadooka. Ankadziwa yekha kuti zimene akuchita n'zochititsa manyazi. Lero juga yasamba, yavala bwino, akuitcha kubetcha. Ili pa wailesi nthawi ya mpira, ili pakhoma la golosale, ili mu vidiyo sho, ili mu foni imene mwana wagona nayo pamphasa. Chimene chaichotsa kuseri kwa msika n'kuifikitsa pakhomo panu ndi kutsatsa malonda, ndipo ine ndikuti kutsatsako kuletsedwe.

Taonani mmene malondawa amapangidwira. Amakuonetsani munthu mmodzi atanyamula chikwangwani cha cheke, mano onse pamtunda, akuti wawina mamiliyoni ndi K200 yokha. Kodi munaonapo atajambula wa kabaza amene wadyetsa ndalama ya mwini njinga? Munaonapo atajambula mayi amene mwamuna wake wabwera chimanjamanja tsiku la malipiro ku esiteti, atathyola tiyi milungu yonseyo pamvula ndi pamame? Mamiliyoni a pa cheke paja sanagwe kumwamba. Ndi ndalama za anthu amenewa zoponyedwa pamodzi, kampani itachotsapo kale zake.

Ndikufuna nkhani ya masamuyi muimvetse, chifukwa ambiri mumati mukungosowa mwayi. Tiyerekeze matimu awiri ofanana mphamvu, ndipo kampani yaika 1.90 mbali zonse, kutanthauza kuti pa K1 iliyonse imene wabetcha, ukawina umalandira K1.90. Wina wabetcha K1,000 uku, wina K1,000 uko. Kampani yalandira K2,000. Kaya apambane ndani, ikalipira K1,900 basi, K100 yatsala m'thumba mwake. Mpira usanayambe n'komwe iyo yadya kale. Tsono inu simukhutira ndi masewero amodzi, mumasanja matimu 10 pa tikiti imodzi kuti ndalama ichuluke. Ngati masewero aliwonse mwayi wake uli theka, mwayi woti onse 10 alowe ndi umodzi pa 1,024. N'chifukwa chake Lolemba lililonse timamva nyimbo yomweyo pa depoti: "Yandidula timu imodzi yokha." Idzakudulani imodzi yokhayo mpaka imvi. Tikiti imeneyo anaipanga dala kuti muzimva ngati munatsala pang'ono, kuti mubwerenso Loweruka.

Nanga kandege kaja, juga ya pa foni imene umaponya ndalama n'kuitaya kandegeko kakagwa usanaitulutse? Eni ake amanena okha kuti pa K100 iliyonse imene anthu aponya, pafupifupi K97 ndi imene imabwerera kwa osewera. Mwina mukuti K3 ndi yochepa. Koma kandege kamauluka n'kugwa m'masekondi owerengeka, ndipo munthu amaponya kambirimbiri usiku umodzi, zimene wawina n'kuzibwezeranso momwemo. Mukaponya K1,000 maulendo 100, mwadutsitsa K100,000, ndipo pamenepo K3,000 ndi ya kampani ngakhale pa tsiku loti zinthu zayenda mwa masiku onse. Ambiri safika n'komwe pamenepo, ndalama imawathera panjira. Kale kuti munthu atchove ankayenda mtunda, mwina n'kusintha maganizo m'njira. Lero Airtel Money ndi Mpamba zili m'manja, ndalama ikuchoka pakati pa usiku mkazi ali mtulo pambali pomwepo.

Ndipo zikuchitika kwa anthu amene alibe poponda. Namondwe Freddy anatikokolola mu Malichi 2023, midzi ina mpaka lero sinadzuke bwinobwino. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya feteleza, shuga ndi sopo n'kukwera. Nthochi zimene zinkaphunzitsa ana kuno ndi ku Thyolo zinatha ndi matenda a chisaka. Malo olima ndi ochepa, mbali yaikulu ya nthaka yabwino ili pansi pa tiyi. Munthu wothedwa nzeru chonchi ndi amene amamvera msanga akauzidwa kuti K500 ingamusandutse bwana mawa. Otsatsa malonda akudziwa zimenezi kuposa ife.

Tsono ndikudzudzuleni inu eni mudzi, chifukwa ena mwa inu mwasanduka zikwangwani zoyenda popanda wokulipirani. Mukawina K20,000 mumathamangira kuika chithunzi cha tikiti pa gulu la WhatsApp la kumpingo, la banja, ngakhale la makolo a kusukulu. Za K150,000 imene mwataya miyezi yapitayi simunena. Inu a golosale mwalola khoma lanu lipakidwe utoto wa kubetcha chifukwa choti penti ndi yaulere, pomwe ana a pulayimale amadutsa pomwepo m'mawa uliwonse. Inu abambo mumatuma mwana wa Sitandade 7 kuti akakuikireni tikiti, kapena mumamupatsa foni kuti "mwana ali ndi dzanja labwino, andisankhire." Manyazi mulibe? Lamulo likuti wosakwana zaka 18 asayandikire juga, koma amene mukuswa lamulolo ndinu kholo. Ndiye mawa fizi ikasowa mudzati mwana walodzedwa. Palinso anyamata amene amagulitsa "magemu otsimikizika" pa Facebook ndi pa WhatsApp. Akanakhala kuti akudziwadi zotsatira za mpira, akanavutikiranji kukupemphani K2,000?

Zotsatira zake tikuziona, ngakhale pamaliro timanena mozungulira. Ndalama za banki m'khonde zikutengedwa ngati za bizinesi n'kukathera pa kandege. Katapila wachuluka. Mafoni, njinga, malata zikupita pa chikole. Maukwati akugwedezeka, ankhoswe atopa ndi milandu ya ndalama yosadziwika kumene yapita. Ena mwa ana athu afika podzipha chifukwa cha ngongole zimene sakanatha kuziulula kwa makolo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika chizolowezi cha juga m'gulu la matenda, pamodzi ndi mavuto ena a kumwerekera. Munthu wodwala chonchi akafuna kusiya, angasiye bwanji pamene wailesi ikumuitana, foni ikumutumizira uthenga wa bonasi, ndipo khoma la pa siteji likumukumbutsa? Kamawu kothamanga kaja ka kumapeto kwa malonda koti muzisewera mosamala sikangamuthandize kanthu.

Musaganize kuti ndikunena zachilendo. Dziko la Italy linakhazikitsa lamulo loletsa malonda a juga mu 2018, kuphatikizapo kulemba maina a makampaniwa pa mayunifolomu a matimu. Belgium inaletsa malonda ambiri otere kuyambira pa 1 Julayi 2023. Ku Spain pa wailesi ndi pa kanema amaloledwa pakati pa usiku pokha, kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko m'bandakucha, ana ali mtulo. Matimu a Premier League ya ku England, omwewo amene mumawabetchera, anagwirizana mu 2023 kuti achotse maina a makampani a juga kutsogolo kwa mayunifolomu awo nyengo ya 2025/26 ikatha. Ngakhale anzathu a ku Kenya mu Epulo 2025 anaimitsa malonda onse a juga kwa masiku 30 ataona mmene achinyamata akuonongekera. Maiko ambiri mwa amenewa ali ndi zipatala zothandiza omwerekera, koma anaona kuti mpopi uyenera kutsekedwa kumene ukuchokera. Nanga ife, amene wodwala maganizo wa ku Muloza chipatala chachikulu cha matenda amenewa amakachipeza ku Zomba?

Ndikudziwa zimene ena munene. Mukuti makampaniwa amathandiza mpira, amalipira mawailesi, amapereka msonkho, alemba ntchito ana athu. N'zoona, sindikukana. Koma ndalama imene akugulira timu yunifolomu yachokera m'thumba la wochemerera timu yemweyo, ndipo imene yabwerera ndi kachigawo chabe. Za mowa wa m'masacheti ankanenanso chimodzimodzi, kuti ntchito zitha, msonkho uchepa. Boma linauletsa titaona ana asukulu akuubisa m'matumba a yunifolomu, ndipo dziko silinagwe. Komanso pano sindikupempha kuti mashopu a kubetcha atsekedwe. Munthu wamkulu wofuna kutaya ndalama yake akudziwa kumene kuli khomo, apite yekha. Chimene ndikukana ndi chakuti khomolo lizimutsatira kunyumba, ndi kuitana mwana wake.

Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la juga ndi malotale, ndipo bungwe la MAGLA ndi limene linapatsidwa mphamvu zoyang'anira makampaniwa ndi kupereka ziphaso. Ndiye kokadandaula kulipo. Aphungu athu a ku Mulanje ndi ku Thyolo akabwera pa misonkhano, tisamangowapempha mabokosi a maliro ndi mipira. Tiwafunse kuti adzakanena liti ku Lilongwe kuti malonda a juga achoke pa wailesi ndi pa kanema masana ndi madzulo, achoke pa mayunifolomu, achoke pafupi ndi sukulu ndi misika, ndiponso mauthenga a bonasi asamabwere mu foni ya munthu amene sanapemphe. Makhansala nawo ali ndi mawu pa zikwangwani za m'misika ya khonsolo.

Izi za ku Lilongwe zitenga nthawi, koma zina zili m'manja mwathu sabata ino. Mafumu, itanani eni magolosale ndi mavidiyo sho a m'mudzi mwanu. Oyang'anira magulu a WhatsApp, wotumiza tikiti mumchenjeze kamodzi, akabwereza mumchotse. Amayi a banki m'khonde, wobwereka anene bizinesi yake ndipo mukaione ndi maso. Inu amene mwamira kale m'ngongole, musadzipweteke, kauzeni ankhoswe, abusa, shehe kapena a zaumoyo ku chipatala cha boma pa Mulanje lero lomwe. Ndipo inu a golosale, laimu wopaka khoma lija amagulitsa pa Chitakale pomwepo.