Musamatinamize kuti pulogalamu yanu ili m'Chichewa

Ndakwiya, ndipo lero sindibisa. Azakhali anga ali m'komiti ya mjigo kumudzi kwathu, ndiwo amasunga kope la zopereka. Mjigo wawo, wa Afridev ngati mijigo yambiri ya kuno, unayamba kuvuta: kupopa mpaka thukuta, madzi osatuluka, amayi n'kubwerera kudambo. Bungwe lina, dzina sinditchula, linawapatsa linki yoti akaona vuto pa mjigo azitumiza lipoti pa foni, ndipo pamsonkhano anthu ake anadziguguda pachifuwa kuti zonse zili m'Chichewa. Azakhali anatsegula ine ndili pomwepo. Tsamba loyamba, "Takulandirani", zilembo zikuluzikulu, pambali chithunzi cha mayi akumwetulira atasenza ndowa. Anadina kupita patsogolo. Mndandanda wa mavuto oti asankhepo, Chingerezi chokhachokha. Analemba nambala ya foni kuyambira ndi ziro monga aliyense amalembera, panatuluka mawu ofiira, Chingerezi. Anandipatsa foni ija nkhope itagwa: "Taona iwe mwanangu, apa akundikalipira chiyani?"

Akundikalipira chiyani. Mayi wamkulu, wodziwa kuwerenga, amene amaima kutsogolo kutchalitchi kuwerenga mawu osadodoma, foni yamusandutsa mbuli pamaso pa mwana wa mchimwene wake. Ndiye inu a bungwe mukuti pulogalamuyo ili m'Chichewa? Ili m'Chichewa pati? Mwamasulira moni basi. Moni ngakhale mlendo wofika dzulo pa bwalo la ndege la Chileka amautha.

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chikundiwawa n'chakuti malo amene mwasiya m'Chingereziwo ndi pamene munthu amafunikira chilankhulo chake kwambiri. Wodwala sasowa womasulira pomupatsa moni, amamusowa pofotokoza pamene pakupweteka. Munthu akamadzaza fomu, povuta ndi pamene walakwitsa ndipo akufuna kuuzidwa chimene walakwitsa. Pamenepo ndi pamene inu mwamuthawa. Pamene akufuna kusankha ngati vuto ndi marodi, labala lakutha kapena mapaipi obooka, mwamuthawa. Pamene akufuna kudziwa ngati lipoti lake lafika, mwamutumizira uthenga wa Chizungu wokhala ndi nambala yaitali ngati ya pasipoti. Mwamulandira bwino pachipata n'kumusiya yekha m'kati.

Ine ntchito ya makompyuta ndimaidziwako pang'ono, choncho musandiuze kuti ndi zovuta kumvetsa. Mawu a pulogalamu ya pa intaneti sakhala malo amodzi. Ena amakhala m'fayilo ya mawu a pa mabatani ndi mitu ya masamba, ndipo amenewo ndi amene mumakopera mu Excel n'kutumiza kwa womasulira. Koma mndandanda wa zosankha umakhala mu database, nkhokwe imene pulogalamu imasungiramo zinthu zake. Mawu ofiira aja kawirikawiri amachokera ku seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa pulogalamuyo, wolemba pulogalamu anawakhomerera m'kati mwa khodi, malangizo olembera kompyuta, usiku wina ali ndi tulo. Uthenga wa SMS umalembedwa kwinanso. Mukamasulira fayilo imodzi yoyamba ija n'kusiya zina zonsezi, mwamasulira chikuto. Ndiye lipoti lopita kwa opereka ndalama mumalembamo kuti ntchito yoika pulogalamu m'chilankhulo cha anthu yatheka. Yatheka kuti?

Ngakhale fayilo yomwe munamasulirayo, tayang'anani zimene zinatulukamo. Womasulira mwamupatsa mawu oduladula, wina pamzere wake wina pamzere wake, osamuonetsa ngakhale chithunzi chimodzi cha tsamba limene mawuwo akakhalepo. Pulogalamu ndiye imawalumikiza motsata kayalidwe ka Chingerezi: nambala kutsogolo, dzina pambuyo. Zotsatira zake, pa foni pakulembedwa "2 mjigo". Ndani amalankhula choncho? Ife timati mjigo umodzi, mijigo iwiri, chitsime chimodzi, zitsime ziwiri, mawu amagwirizana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Mwana wa sitandade 3 amadziwa zimenezi. Batani munalipima ndi liwu lalifupi la Chingerezi, mawu athu atalowamo anaduka pakati. Pena pamene panayenera kukhala chilembo cha ŵ panatuluka kabokosi. Ndipo malo osinthira chilankhulo munawabisa pansi pa "Settings", kutanthauza kuti munthu ayambe wadziwa Chingerezi kuti apeze Chichewa. Zoona zimenezi?

Ndikudziwa, mudzati bajeti inali yochepa komanso nthawi inakutherani. Izo n'zanu.

Zipangizo zilipo, zina zaulere. Amene amagwiritsa ntchito KoboToolbox kapena ODK, mapulogalamu opangira mafomu odzaza pa foni, akudziwa kuti pa fomu yomweyo funso lililonse, chosankha chilichonse, ngakhale uthenga wouza munthu kuti walakwitsa, ukhoza kuchipatsa mzere wakewake pa chilankhulo chilichonse chimene ukufuna. DHIS2, imene inapangidwa pansi pa University of Oslo ndipo azaumoyo kuno amatumiziramo malipoti awo, inamangidwa moti mawu ake azimasuliridwa. Ushahidi, pulogalamu yoika malipoti a anthu pa mapu, imene anthu a ku Kenya monga Ory Okolloh ndi Juliana Rotich anayambitsa mu 2008 pa ziwawa za pambuyo pa chisankho, nayonso mawu ake anthu odzipereka amawamasulira m'zilankhulo zosiyanasiyana. Palibe chatsopano chimene tikukupemphani kuti mutulukire. Tikungoti malizani ntchito imene munaiyamba.

Taganizani za ku Haiti. Chivomerezi chitagwetsa likulu lawo la Port-au-Prince mu Januwale 2010, anthu ankatumiza mauthenga pa nambala ya 4636, ambiri m'chilankhulo chawo cha Chikiliyo. Anthu odzipereka, ochuluka mwa iwo a ku Haiti komweko okhala kunja, ankamasulira mauthengawo usana ndi usiku kuti opulumutsa anthu adziwe kopita, ndipo mauthenga ena ankaikidwa pa mapu a Ushahidi. Palibe amene anauza munthu wopanikizika pansi pa khoma kuti ayambe waphunzira Chingerezi. Anamvetsa kuti wotumiza lipoti ndiye mwini nkhani, ovutika ndi chilankhulo akhale olandira. Iwo anachita zimenezo dziko litagwa, m'masiku ochepa. Inu muli mu ofesi yozizira bwino, miyezi ndi miyezi, mwalephera kumasulira chiganizo chimodzi chouza mayi kuti nambala ya foni ailembe motani.

Ndipo musandiuze za Google Translate. Inde Chichewa chinalowamo mu 2014, timaigwiritsa ntchito tonse tikapanikizika. Koma kukopera zimene makina alavula n'kuziika pa fomu popanda munthu wozimva kuziwerenga mokweza, uko ndi ulesi. Mukanatenga foni imodzi, kupita nayo pa mjigo uliwonse, kupatsa mayi mmodzi n'kukhala chete kumuyang'ana akudzaza, mukanaona zonsezi dzuwa lisanapendeke. Simunafunse aliyense. Safunsa anadya phula.

Choopsa chenicheni anthu sakuchiona. Lipoti limene silinatumizidwe silioneka paliponse. Mayi akalephera, salemba kalata yodandaula, amangotseka foni n'kunyamula ndowa kupita kudambo. Ku ofesi dashibodi, tsamba loonetsa malipoti amene afika, ili yobiriwira, palibe dandaulo. Bwana akuona kuti mijigo yonse ikugwira ntchito, kapena akunena pamsonkhano kuti anthu akumudzi safuna zamakono. Safuna? Mwawatsekera pakamwa nokha kenako mukudabwa kuti sakulankhula. Manambala anu okongolawo akuwerenga anthu odziwa Chingerezi okha, aphunzitsi, alangizi ndi ife ana a m'tauni tikapita kukacheza. Ena onse kwa inu kulibe. Pamenepo ndi mjigo. Nanga ikakhala fomu yonenera nkhanza kwa mwana, kapena kolera atabuka, kapena madzi atasefukira? Munthu wogwiriridwa akaitane mwana wa neba kuti amuwerengere mawu ofiira?

Apatu tikunena Chichewa, chimene chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, chili ndi malamulo a kalembedwe, chili ndi mabuku ndi nyuzipepala. Ngati Chichewa mukuchichita chipongwe chotere, enawo muwatani? Namondwe Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ovutika sanali a ku Chilobwe okha. Ku Nsanje ndi Chikwawa kuli olankhula Chisena, ku Mulanje ndi Phalombe kuli Alhomwe, ku Mangochi ndi Machinga agogo ambiri nkhani ya pamtima amainena m'Chiyao. Ku Rumphi ndi Mzimba ndi Chitumbuka, ku Nkhata Bay Chitonga, ku Karonga Kyangonde. Wailesi ya MBC yakhala ikuwerenga nkhani m'zilankhulo zimenezi kwa zaka zambiri, koma pulogalamu yanu ya m'chaka chino ili ndi timbendera tiwiri, ya Britain ndi ya Malawi, ngati kuti mbendera ya Malawi ndi chilankhulo. Mnzathu wa ku Chipata kapena ku Tete amene amalankhula ngati ife adine mbendera iti?

Theka la kumasulira ndi bodza. Bola mukanangosiya zonse m'Chingerezi, azakhali akanadziwiratu kuti izi si zawo, akanapita wapansi kwa mekaniki wa m'dera monga kale. Koma munawalonjeza pamaso pa mfumu, iwo anakhulupirira, anagula bandulo ndi ndalama ya tomato, n'kukathera pa mawu ofiira. Mwawadyera ndalama, mwawadyera nthawi, mwawachititsanso manyazi.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinenenso za omasulira. Mlembi wa khodi mumamulipira m'madola, wojambula chithunzi cha mayi womwetulira uja mumamulipira, msonkhano wokhazikitsa pulogalamu mumakachitira kunyanja, ma alawansi aliyense m'thumba. Ikafika nkhani ya chilankhulo mumatembenukira kwa mtsikana wa pa risepushoni kapena dalaivala: "Iwe umatha Chichewa eti, tatithandiza timawu iti usanaweruke." Kubadwira m'chilankhulo si kudziwa kumasulira, monganso kukhala ndi mano sikukupanga munthu kukhala dokotala wa mano. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, kuli achinyamata amene anaphunzira za zilankhulo ku yunivesite ndipo akungokhala, kuli aphunzitsi a Chichewa opuma ntchito m'boma lililonse. Mukawapeza mumafuna kuwalipira tisheti ndi botolo la Fanta, ndiponso malipirowo amabwera patatha miyezi, utaimba foni mpaka kutopa.