Chenjezo kwa inu ogona mu ofesi

Ana inu, lero ndilankhula mosapsatira chifukwa mtima ukundiwawa. Sabata yatha ndinali kuchipatala kuno ku Kasungu kukazonda mphwanga, mnyamata wa zaka 34, wowerengera ndalama pa kampani ina. Ndinamupeza kamwa itapotokera kumodzi, dzanja lamanja lili lende, mayi ake akumumwetsa phala ndi supuni. Adokotala akuti ndi sitiroko, BP inakwera kwambiri.

Sizinagwe kumwamba izi. Chitsegulireni msika wa fodya ku Chinkhoma, mnyamatayu ankalowa mu ofesi kusanache, kutuluka anthu atagona. Nsima ya masana anaisiya kalekale, chake chinali mandasi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija mumagula m'magolosale. Mutu ukamuwawa, panado. Ndinamuuza pa maliro ku Santhe kuti maso ako afiira, kapume. Iye n'kuseka: “Amalume, malipoti a kutha kwa mwezi sadikira munthu.”

Chimene chikundinyansa n'chakuti inu mwasandutsa kutopa kukhala chonyadira. Mukujambula kompyuta yanu 2 koloko usiku n'kuika pa WhatsApp kuti anzanu akutameni. Abwana akaimba Lamlungu muli m'tchalitchi, mukuthamangira panja kukayankha. Ena mukuweruka mdima utagwa, tulo tili m'maso, n'kugwira chiwongolero kuti mukagone ku Lilongwe kwa banja. Mseu wa M1 usiku, pa Madisi ndi pa Mponela paja pali njinga, ngolo ndi mathiraki, inu mukusinza! Mukufuna kupha ndani?

Mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi la zantchito la ILO anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti munthu wogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata ali pachiopsezo chachikulu cha sitiroko, chokwera ndi 35 pa 100 poyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40. Werengani maola anu a sabata yathayi, muone pamene muli.

Komanso lamulo mulinalo, koma simuliwerenga. Employment Act ya 2000 imati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo opitirira apo ndi ovataimu yoti mulipidwe. Wogwira masiku asanu pa sabata ali ndi masiku 15 a tchuthi pa chaka, wogwira masiku asanu ndi limodzi ali ndi 18. Tchuthi chimenechi si chifundo cha abwana ayi. Nanga inu mukuchiunjika zaka zitatu kuti chiswane?

Ndikudziwa ntchito ikusowa, ndipo pa geti pali anzanu a madigiri akudikira mpando wanu. Mantha amenewo ndi oona, sindikuwapeputsa. Koma safunsa anadya phula. Ntchito ikachuluka, lowani kwa abwana mwaulemu ndi pepala m'manja, muwafunse kuti mwa zonsezi ndiyambe iti, iti idikire. Akakana kumva, ofesi ya Leba ili pa boma pomwepa. Ndipo kayezetseni BP mwezi uno, si pofika Disembala.

Lachitatu kampani ya mphwanga inatumiza dalaivala kuchipatala. Achemwali anga anayala chitenje pa benchi kuti mlendo akhale, poyesa wabwera ndi mawu a pepani. Iye anangoima pakhomo la wodi n'kufunsa kumene kuli laputopu ndi makiyi a kabati.