Achinyamata a ku Mangochi, za impso ya nkhumbazi mwazimva theka

Ana inu, tamverani. M'magulu a WhatsApp mwadzaza nkhani yoti madokotala a ku America akuika mtima ndi impso za nkhumba mwa anthu. Mukutumizirana uku mukuseka, ena mpaka kumati ndiye kuti nkhumba ndi m'bale wathu, magazi ake alibe vuto. Mawu amenewa andiwawa, chifukwa akhoza kuphetsa munthu.

Zoona, zinachitikadi. Mu Januwale 2022, ku chipatala cha University of Maryland, bambo David Bennett anawaika mtima wa nkhumba. Sinali nkhumba ya m'khola la kuseri kwa nyumba ayi. Inali yosinthidwa majini 10 (tinthu ta m'chibadwa timene mwana amatengera kwa makolo), yoleredwa m'nyumba yotchingidwa bwino, yoyezedwa mobwerezabwereza. Bambowo anakhala miyezi iwiri, n'kumwalira mu Marichi. Pofufuza anapeza kuti mtimawo unabwera ndi kachilombo ka nkhumba kotchedwa porcine cytomegalovirus, kamene kanazemba zoyeza zonse zija. Madokotala sanati ndi kokhako kanawapha, koma anavomera kuti mwina kanathandizira.

Dziwani kuti woikidwa chiwalo chachilendo amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, kuti thupi lisachikane chiwalocho. Kachilombo kamene mwa nkhumba kanangogona, kakapeza munthu wotereyu kamapeza khomo lotsegula. Palinso tizilombo tina totchedwa PERV, timene tili m'chibadwa chenicheni cha nkhumba, ndipo simungatitsuke kapena kutipha ndi jakisoni. Mu 1997 akatswiri anaona kuti m'labotale tikhoza kulowa m'maselo a munthu. Mwa odwala sitinaonekebe tikuyambitsa matenda, komabe mantha ake anachititsa kuti mu 2017 apange ana a nkhumba amene tizilomboti anatizimitsa. Nkhawa yawo si ya wodwala yekha. Akuopa kuti matenda angafalikire kwa mkazi wake, ana ake, namwino womusambitsa, ndi mudzi wonse.

Musaganize kuti ndi mantha a anthu ophunzira chabe. Ku Malaysia mu 1998 ndi 1999 kachilombo ka Nipah kanachoka mwa mileme, kudzera mwa nkhumba, n'kugwira oweta. Anthu oposa 100 anamwalira, ndipo nkhumba zoposa 1 miliyoni zinaphedwa.

Tsono inu mukuchita chiyani kuno? Nkhumba yasiya kudya, makutu afiira, ikupuma movutikira, inu m'malo moitana alangizi a ziweto mukuti tiiphe msanga isanafe yokha, ndalama zisapite. Mukuisenda usiku ndi tochi ya foni, manja opanda chotchinga, chala chili ndi bala la mpeni. Matumbo mukukatsuka kudooko kumene amayi amatunga madzi ndipo ana amasamba. Kukacha nyamayo ili pachiwaya, chiwindi chikadali chofiira m'kati, anthu akunyemera ndi mchere ndi tsabola. Chiwindi cha nkhumba chosapsa chikhoza kupatsira munthu matenda a chiwindi otchedwa hepatitis E. Mudzati chigodola sichigwira anthu, ndipo apo simunama. Koma anakuyezerani ndani kuti ndi chigodola? Ngati madokotala okhala ndi makina onse aja anaphonya kachilombo, inu mukaona ndi maso?

Abale athu achisilamu, amene ndi ambiri m'boma lino, nkhumba sadya ndipo saweta. Komatu nawonso nkhaniyi ikuwakhudza, pakuti matenda akangolowa mwa munthu safunsa kuti amapemphera kumzikiti kapena kutchalitchi. Minibasi ya ku Namwera kapena ku Monkey Bay timakwera imodzi. Inu oweta muwaganizire anansi anu.

Kwa mabanja amene muli ndi wodwala impso, ndikudziwa kulemera kwake kwa ulendo wa ku Queens ku Blantyre kukasefetsa magazi. Musalole wina akunamizeni pafoni kuti mutumize ndalama akupezereni impso kapena jakisoni wa maselo a nkhumba kunja. Zimenezi zikadali pa kafukufuku, kwa odwala ochepa osankhidwa ndi madokotala, ndipo sizigulidwa kudzera kwa dobadoba. Munda musagulitse.

Nkhumba ikadwala ipatuleni, muitane alangizi. Ikafa yokha ikwirireni m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime, musambe m'manja ndi sopo, ndipo ana asayandikire kholalo.