Mafupa ankabwerera kumudzi, nanga zidzukulu zilekerenji?

Ku Hong Kong, m'dera lotchedwa Sandy Bay, kuli nyumba imene inamangidwa kuti izisunga mitembo ndi mafupa a anthu amene anafera kutali ndi kwawo. Dzina lake ndi Tung Wah Coffin Home, ndipo ili pamalo amenewo kuyambira mu 1899. Munthu wa ku China akamwalira ku California, ku Canada kapena ku Australia, anzake ochokera boma limodzi ankamuika m'manda mongoyembekezera. Pakapita zaka zingapo ankafukula mandawo, kutsuka mafupa, kuwalongedza m'kabokosi, n'kulembapo dzina la malemuyo, boma lake ndi mudzi wake. Kabokosiko kankakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Hong Kong, kumene kankadikira ulendo wotsiriza wopita kumudzi, kuti munthuyo akagone pafupi ndi atate ake ndi agogo ake. Anthu osauka, ochapa zovala za eni ndi okumba m'migodi, ankasonkha ndalama akadali moyo kuti ulendo umenewu usadzalephereke. Njirayi inatsekeka chitadutsa chaka cha 1949, ndipo mabokosi ena anatsalira m'nyumbamo opanda owatenga.

Ndayamba ndi mafupa chifukwa ndimamva anthu ena akunena kuti mdzukulu wobadwira ku San Francisco kapena ku Vancouver, amene sadziwa n'komwe kupereka moni m'chinenero cha agogo ake, akungotaya ndalama akamakwera ndege kukafunafuna kamudzi ka m'chigawo cha Guangdong, kumwera kwa China. Amati ndi kukaona malo chabe, kukajambula zithunzi zoika pa Facebook. Ine ndikukana. Munthu amene anadzimana chakudya kuti mafupa ake adzafike kumudzi anasonyeza poyera kumene mtima wake unali, ndipo mdzukulu wake akamafunafuna mudzi umenewo akutsiriza ulendo umene mkuluyo anaulipirira kale. Akuluakulu athu anati chibale ndi fupa, sichiola. Anthu awa mwambiwo anauchita ndi manja.

Ambiri mwa amene anapita ku America m'zaka za m'ma 1800 anachokera m'maboma anayi oyandikana a ku Guangdong, omwe ndi Taishan, Kaiping, Enping ndi Xinhui. Anatsatira mbiri ya golide wa ku California, dziko limene iwo ankalitcha Phiri la Golide, ndipo ena zikwizikwi anaswa miyala pomanga njanji yodutsa dziko la America imene inatha mu 1869. Anapita amuna okhaokha pafupifupi onse, akazi n'kutsala akusamala apongozi ndi minda ya mpunga. Mudzi sanautaye ayi. Ankatumiza makalata okhala ndi ndalama, otchedwa qiaopi, amene bungwe la UNESCO linawalemba mu 2013 m'kaundula wa zolembedwa zofunika kusungidwa pa dziko lonse. Ndalama zomwezo zinamanga nyumba zosanja zazitali za ku Kaiping, zotchedwa diaolou, zothawiramo achifwamba ndi madzi osefukira, zimene zilipo pafupifupi 1,800 mpaka lero.

Ndiye zinatheka bwanji kuti mabanja amene ankagwira mudzi mwamphamvu chotere afike poiwala ngakhale dzina lake? Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza kwambiri, chifukwa kuiwalako sikunabwere ndi ulesi kapena kunyada. Kunabwera ndi lamulo. Mu 1882 dziko la America linakhazikitsa lamulo loletsa antchito a ku China kulowa m'dzikomo, ndipo lamulolo linakhalapo mpaka mu 1943. Khomo lopapatiza limene linatsala linali la amalonda, ophunzira ndi ana a nzika za America. Chivomezi ndi moto wa mu 1906 zitawononga zikalata za mzinda wa San Francisco, amuna ambiri ananena kuti anabadwira momwemo, ndipo panalibe wowatsutsa. Munthu wotere akapita ku China n'kubwerako, ankalembetsa kuti wabereka mwana wamwamuna kumudzi, ngakhale pamene mwanayo kunalibe. Malo amenewo ankagulitsidwa kwa mnyamata wa banja lina, amene ankalowa m'dziko atanyamula dzina la eni. Anyamata amenewa ndi amene amatchedwa ana a papepala.

Akuluakulu oona za olowa m'dziko ankadziwa zimenezi, choncho pa chilumba cha Angel Island, pafupi ndi San Francisco, pamene panali malo osungirapo obwera kuyambira mu 1910 mpaka mu 1940, ankapanikiza anthu ndi mafunso okhudza mudzi. Nyumba yanu ili mumzere wachingati? Khomo lake linaloza kuti? Chosungiramo mpunga chimakhala mbali iti ya nyumba? Chitsime chili patali bwanji? Ndani amakhala m'nyumba yachitatu mumzere wachiwiri? Mafunso omwewo ankafunsidwanso payekha kwa munthu amene mnyamata wobwerayo ankati ndi bambo wake, ndipo mayankho akasiyana mnyamatayo ankabwezedwa. Motero mwana wa papepala ankaloweza pamtima mudzi umene sanapondemo, kuchokera m'kabuku kamene ankawerenga m'sitima n'kukaponya m'nyanja asanafike padoko. Ena anakhala m'ndendemo miyezi, ena kupitirira chaka, ndipo ndakatulo zimene anasema pa matabwa a makoma zikuonekabe lero.

Tangoganizani za munthu wokhala moyo wake wonse ndi dzina logula, akuopa kuti mawu amodzi olakwika angathamangitse iye, mkazi wake ndi onse amene anamuthandiza. Munthu wotere sangakhazike ana pansi madzulo n'kuyamba kuwafotokozera za kwawo. Anatseka pakamwa pofuna kuwateteza. Lero mdzukulu akapita kosungira zikalata za boma ku San Bruno, pafupi ndi San Francisco, amapeza chikalata cha agogo ake chokhala ndi chithunzi, mafunso onse ndi mayankho ake, nthawi zina ngakhale mapu a mudzi ojambula pamanja, koma mudziwo ungakhale wa banja lina. Zidzukulu zina zimachita manyazi pozindikira kuti dzina limene zakhala zikulemba pa ziphaso si lamtundu wawo. Ine sindikuonapo chamanyazi. Lamulo limene linasankha anthu chifukwa cha mtundu wawo ndi limene liyenera kuchita manyazi, osati mnyamata wa zaka 15 amene analoweza mizere ya nyumba za eni kuti akapeze ntchito yodyetsera amayi ake.

Chosangalatsa n'chakuti choonadi chija anachibisa pamalo pamene woyang'anira malire sakanachiona, ndiwo pamanda. Pa ziliza zambiri za m'badwo umenewo, zilembo za Chingerezi zimatchula dzina la papepala, pamene zilembo za Chitchaina zimatchula dzina lenileni la mtundu, pamodzi ndi boma ndi mudzi. N'chifukwa chake odziwa ntchito imeneyi amalangiza kuyambira kumanda, osati pa intaneti. Zilembo za Chitchainazo ndiye kiyi, pakuti dzina limodzi limalembedwa mosiyanasiyana m'zilembo zathuzi malingana ndi chinenero cha mwini wake. Chen, Chan, Chin ndi Tan angathe kukhala anthu a dzina limodzi, monganso Lin, Lam ndi Lim. Boma limene mapu a lero akulitcha Taishan, agogo ankalitchula kuti Hoisan kapena Toisan. Onjezeranipo kuti mwamuna mmodzi ankatha kukhala ndi dzina laubwana, lakusukulu ndi lina lolandira pokwatira, komanso kuti malire ndi mayina a madera anasinthidwa kangapo chidutsireni 1949. Kuyezetsa malovu kuti aone DNA kungamuuze munthu kuti makolo ake ndi a kumwera kwa China, chinthu chimene ankachidziwa kale, koma sikungamulozere njira yokhotera kumudzi.

Amene wapeza mudzi amayembekezera kupezanso buku la mtundu, lotchedwa zupu kapena jiapu. Ndi kaundula wa mibadwo, wolembedwa kuchokera kwa kholo limene linakhazikitsa mudziwo, ndipo ankasungidwa m'nyumba yokumbukiramo makolo. Mitundu yambiri inali ndi ndakatulo yake, imene chilembo chilichonse chinkaimira m'badwo umodzi. Anyamata onse a m'badwo umodzi ankakhala ndi chilembo chomwecho m'dzina, moti anthu awiri osadziwana akangotchulirana mayina ankadziwa kuti wamkulu pa chibale ndani. Luso limeneli ndimalisirira. Mabuku ambiri otere anatenthedwa pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale cha ku China cha pakati pa 1966 ndi 1976, pamene miyambo yakale inkaonedwa ngati mdani, koma ena anapulumuka chifukwa anthu olimba mtima anawakwirira kapena kuwabisa m'makoma, ndipo ena anali atapita kale kunja ndi apaulendo. Laibulale ya ku Shanghai ikusunga mabuku amenewa ochuluka zedi, ndipo kuyambira m'ma 1980 midzi yambiri yakhala ikulembanso mabuku awo.

Komabe bukuli siliyenera kulandiridwa ngati kuti lanena zonse. Masamba oyambirira kawirikawiri amalumikiza mtundu ndi mfumu kapena munthu wotchuka wakale pofuna ulemu, ndipo mabanja ochuluka a m'chigwa cha mtsinje wa Pearl amanena mofanana kuti makolo awo anachokera ku Zhujixiang, kumpoto kwa Guangdong. Chachikulu kuposa pamenepo, mabuku akale ndi a amuna. Mkazi wokwatiwa m'banjamo ankalembedwa ndi dzina la mtundu wa kwawo lokha, ndipo ana aakazi nthawi zambiri sankalembedwa n'komwe. Ngakhale buku la mbumba ya Confucius, mphunzitsi wotchuka wakalekale wa ku China, limene lili ndi mayina pafupifupi mamiliyoni awiri, linayamba kulemba akazi pamene linakonzedwanso n'kutuluka mu 2009. Kwa ife amene ambiri timawerenga chibale kuchokera kwa amayi, n'zowawa kuona kuti munthu amene anasunga nyumba zaka makumi atatu mwamuna ali kutsidya kwa nyanja alibe dzina m'buku la banja limene analisunga.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwenikweni kwa ife. M'migodi ya golide ya ku Johannesburg, momwe agogo athu ambiri anakagwira ntchito kudzera ku Wenela, munagwiranso anthu a ku China oposa 60,000 pakati pa 1904 ndi 1910, asanabwezedwe kwawo. Tilinso ndi matchona athu, amene zidzukulu zawo ku Harare ndi ku Bulawayo zimangodziwa kuti agogo anachokera ku Nyasaland, osadziwa mudzi, mfumu kapena boma. Amene anaonapo munthu wotere akutsika basi ali ndi dzina limodzi lokha m'manja sangaseke mnzake wa ku San Francisco.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi imene ndiyenera kuivomereza. Mudzi umene mdzukulu akaupeze si umene agogo anausiya. Midzi yambiri ya ku Taishan yatsala ndi okalamba okhaokha, nyumba zili zokhoma, achinyamata anapita ku Guangzhou, ku Shenzhen kapena kunja. Mwina kumene kunali minda kuli mafakitale. Wofikayo angafunike womasulira kuti alankhule ndi msuweni wake, ndipo mwina eni mudzi angayembekezere kuti athandize kukonza nyumba ya makolo. Amene akupita poganiza kuti akadzimva kuti wafika kwawo angabwereko atazindikira kuti kumenekonso ndi mlendo. Ndi chifukwa chake ndimalemekeza njira imene Him Mark Lai, katswiri wa mbiri ya anthu a ku China okhala ku America, anayambitsa ndi anzake ku San Francisco mu 1991. Achinyamata asanakwere ndege ankayamba afunsa okalamba a m'banja, kufufuza zikalata ndi kulemba mbiri ya banja lawo, ulendo n'kubwera pambuyo. Munthu wokonzeka chotere sapita kukafuna kuti amusangalatse, amapita atanyamula mayina, zithunzi ndi nkhani za nthambi imene mudziwo unaitaya, pakuti nawonso eni mudzi ali ndi mpata m'buku lawo pamene panalembedwa kuti wakuti anapita kunja, basi.

Ndikanakhala ndi mnzanga wokonzekera ulendo umenewu, ndikanamuuza kuti ayambe sabata ino, agogo aakazi akadali moyo, awapemphe atchule dzina la mudzi m'chinenero chawo ndipo awajambule mawu pa foni, chifukwa katchulidwe kameneko n'kamene okalamba a kumeneko akakazindikire. Ndikanamuuza kuti akafike nthawi ya Qingming, kumayambiriro kwa Epulo, pamene mabanja amakwera kuphiri kukalambula manda, kufukiza lubani ndi kupereka chakudya kwa makolo, kuti akagwire nawo khasu m'malo mongoimirira ndi kamera. Ndipo akamutsegulira buku la mtundu n'kumulozera dzina la agogo a bambo ake, ayang'ane pambali pake pamene palembedwa chilembo chimodzi chokha cha mkazi, afunse okalambawo kuti mayi ameneyu ankatchedwa ndani, anachokera mudzi uti, ndipo manda ake ali pati.