Fourier ndinamumvetsa chifukwa cha kulira kwa chaja

Anzanga a electronics, lero ndiulule. Phunziro la signals ndinakhoza bwino ndithu, koma ndinkangoloweza. Ma integral a Fourier ndinkalemba ngati ndakatulo ya ku pulayimale, osadziwa kuti chinthucho n'chachiyani.

Maso anatseguka usiku wina kuhositelo. Ndinajambula mawu anga ndi kamaikolofoni kotchipa kolumikiza pa laputopu, ndipo pansi pa mawuwo pankamveka "mmmm" wosalekeza, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Ndinalowetsa fayiloyo mu Python n'kuyendetsa FFT, njira yachangu yowerengera masamu a Fourier yomwe imagawa mawu n'kuonetsa ma frequency omwe alimo, mongoyesa. Pagirafu panaima kamzere kataliitali pa 50 Hz (kunjenjemera ka 50 pa sekondi), tina tifupitifupi pa 100 ndi 150. Ndinangoti kakasi. Magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, ndiye ndi omwewo ankalowerera kudzera pa chaja. Nditazula chaja n'kujambula pa batire, kulirako kunachepa kwambiri. Pafayilo yoyamba ija ndinaika notch filter, sefa yochotsa frequency imodzi yokha, njuchi ija n'kufa.

Bambo Fourier anasindikiza masamuwa mu 1822 pofufuza mmene kutentha kumayendera m'zinthu, Cooley ndi Tukey n'kudzafalitsa njira yowerengera mwachangu, FFT ija, mu 1965. Zonsezi zinali m'manotsi anga, koma chinandiphunzitsa ndi chaja.

Chachiwiri chinandipweteka mutu kwa masiku. Ndinkafuna kuti Arduino Uno, bolodi yaing'ono yomwe umailembera pulogalamu, izizindikira mamvekedwe a mawu. Ndinaliza mawu a 7,000 Hz pafoni, iyo n'kumandiuza kuti ikumva pafupifupi 2,600. Ndinasintha mawaya, ndinakayikira pulogalamu yanga, mpaka ndinatukwana wondigulitsa bolodi, munthu wosalakwa. Vuto linali loti Uno imawerenga mawu olowa pafupifupi ka 9,600 pa sekondi ukapanda kuisintha, ndipo lamulo la Nyquist limati uziwerenga mopitirira kawiri frequency yomwe ukufuna kugwira. Malire anga anali 4,800 Hz basi. Chotsani 7,000 pa 9,600, mupeza 2,600 yomweyo. Aliasing, kuoneka kwa frequency yopitirira malire ngati yotsika, imene ndinailemba pamayeso n'kupeza malikisi onse, nditakumana nayo maso ndi maso sindinaizindikire. Kuyambira tsiku limenelo ndinamvetsa chifukwa chake mawu a pa CD amawerengedwa ka 44,100 pa sekondi: khutu la munthu limathera cha pa 20,000 Hz.

Ndiye maganizo anga ndi awa: timayambira kolakwika. Wophunzira apatsidwe kaye mawu akuda, aphokoso, avutike nawo sabata imodzi, kenako mphunzitsi abwere ndi masamu ngati yankho. Pano timalandira yankho tisanamve funso. Ena mudzati zipangizo n'zodula, labu ilibe ma oscilloscope (makina oonetsa signal pa sikirini) okwanira. N'zoona. Koma Python, Octave, Audacity ndi GNU Radio n'zaulere, ndipo foni iliyonse ili ndi maikolofoni.

Sindikunyoza masamu, musandimve molakwa. Popanda Nyquist bwenzi mpaka pano ndikukalipira wogulitsa bolodi uja. Chimandinyansa ndi anzathu amene akakuona ukugwiragwira mawaya Loweruka amati ukuwononga nthawi, izi sizibwera pamayeso. Pamayeso ayi, koma ku attachment akakupatsa chipangizo cholira sakufunsa GPA.

Pano ndagwira RTL-SDR, ka dongle kooneka ngati flash. Kanapangidwira kuonera TV pa kompyuta, mpaka cha mu 2012 anthu anatulukira kuti chip yake, RTL2832U, itha kusanduka wayilesi yolandira zambirimbiri. Ma siteshoni a FM ndawaona kale ali ndandanda pa sikirini pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Tsopano ndikufuna ndege, zomwe zimaulutsa pomwe zili pa 1090 MHz. Mlongoti wake ndi kawaya ka masentimita pafupifupi 7, ndadula kale. Amene muli ndi denga loyang'ana ku Chileka, ndilowereni ku inbox, laputopu ndibwera nayo ndekha.