Inu oyatsa moto m'phiri la Soche, tamverani kuno

Ana anga, lero ndiyankhula ngati gogo wanu, wokwiya akwiye basi. Kuno kwathu kuli amayi ndi anyamata ochepa chabe omwe amakwera phiri la Soche ndi makasu awo popanda owalipira ngakhale khobidi, amathirira mbande ku nazale, kuzinyamula pamutu mpaka kumtunda, kukumba maenje pamiyala paja manja mpaka matuza. Ndiye wina chifukwa cha mbewa zitatu zokha akayatse tchire lonse, ntchito ya chaka chathunthu kupsa masana amodzi? Mbewa zake zingati zoti mpaka muotchere phiri?

Nanunso a mafoni ndikunenani. Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala mumabwera ndi matisheti atsopano, kujambulitsa mutagwira kambande, kuponya pa Facebook, kenako zii. Ena mumakwirira mtengo ndi chubu chake chomwe osang'amba pulasitiki, mizu ipita kuti? Kudzalatu ndi ntchito ya tsiku limodzi, ntchito yeniyeni ndi kupalira udzu ukakula, kulambula njira zotchinga moto mvula ikangosiya udzu usanaumitsitse, kuingitsa mbuzi zomwe eni ake amangozimasula m'mawa ngati phirilo ndi khola la agogo awo. Pamenepo ndiye simuoneka, mafoni amakhala atatha chaji kapena?

Ndipo musamapeputse zitsa zija. Chitsa cha msuku kapena mombo chikaphukira chimakula msanga kuposa mbande ya ku nazale chifukwa mizu yake ili kale pansi, timangopatulira mphukira n'kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Koma wina amabwera usiku kudzakumba chitsa chomwecho kuti aotche makala. Ndikudziwa, magetsi amavuta, makala ndiye akuphikira tauni yonse, inenso nsima yanga imapsa pa mbaula, sindikunama ayi. Koma lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, kuotcha makala popanda chiphaso ndi mlandu, mukagwidwa musadzati agogo sananene.

Kodi mwaiwala kale Malichi 2023? Namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku otsatizana, matope ndi miyala zinatsika m'phiri lomweli usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali mtulo. Tinaika maliro mpaka misozi kuuma, ena sanapezeke mpaka lero. Sindikuti mitengo ikanaletsa zonse, mvula ija inali yoopsa, koma phiri lometedwa mpala siligwira dothi, madzi amangotsetsereka ngati pa malata. Ife tinaliona phiri la Ndirande lili ndi mitengo yoti dzuwa osaliona, pitani mukalione lero.

Makolo, ana anu akamatuluka ndi machesi ndi agalu masana muziwafunsa akupita kuti. A mabatcha a mbuzi ndi eni ziweto, mangani ziweto zanu. Loweruka m'mawa tikukalambula kumtunda kuja kunapsa, bwerani ndi khasu ndi botolo la madzi, machesi musiye kunyumba.