Masewero atatu okha, mwayamba kale kutentha jezi?

Anthu inu mwandikwiyitsa. Sabata yathayi mwana wa mlongo wanga wanditumizira kanema pa WhatsApp, ati malume taonani anzanu. Bambo wamkulu ndithu, wa imvi m'ndevu, wakoleka jezi ya timu yake pa kamtengo, wathira mafuta, wayatsa. Mnzake akujambula uku akufa nalo phwete. Kamwana kake kaima poteropo katavala jezi ya timu yomweyo, kuyang'ana bambo ake, kuyang'ana moto, kusowa chochita ndi malaya ali m'thupi mwakewo. Mlandu wake? Timu yagonja kawiri n'kufanana mphamvu kamodzi. Ligi yangoyamba kumene. Dzina limene limapsa kumsana kwa jeziyo ndi la mnyamata amene wafika mwezi wathawu, amene ngakhale chilankhulo cha anzake m'timumo sanayambe kuchimva.

Ndinati ndiwerenge zimene anthu alemba m'munsi mwake, mwina alipo wamudzudzula. Ayi ndithu, kumuwombera m'manja. Uyu akuti mphunzitsi achoke lero lomwe, uyu akuti mnyamatayo abwezedwe kumene anachokera, wina wafika polemba dzina la mkazi wa wosewerayo kuti anthu akamupeze pa Instagram. Mkazi wake! Anaphonya chigoli ndi iyeyo?

Kodi si inu nomwe amene sizoni yatha munkakuwa mpaka kusasa mawu kuti timu yakalamba, nkhalamba zonse zipite, tiyambirenso ndi ana? Mabwana a timu akumverani. Achotsa aja ankangodya malipiro ali pa benchi, abweretsa anyamata, abweretsa mphunzitsi watsopano ndi kaseweredwe kake. Lero ana aja akulakwitsa monga alakwitsira ana, inu mwayamba kufunsa kuti nkhalamba zija anazichotseranji. Walira mvula walira matope. Munkayesa kuti kumanganso timu kumathera pa chithunzi chija wosewera watsopano amanyamula jezi akumwetulira?

Ambiri a inu mumatchula dzina la mphunzitsi Alex Ferguson ngati munthu amene anabadwa atanyamula chikho. Anafika ku Manchester United mu November 1986. Sizoni ya 1988-89 timu yake inathera pa nambala 11. Mu September 1989, atagula kale osewera odula monga Gary Pallister ndi Paul Ince, anakwapulidwa 5-1 ndi Manchester City. Pofika December chaka chomwecho wochemerera wina anatambasula chinsalu ku Old Trafford chomutsanzika, kuti zaka zitatu za zifukwa zakwana. Sizoni imeneyo anathera pa nambala 13. Chikho choyamba, cha FA Cup, chinabwera mu 1990, ligi mu 1993, patatha zaka 26 timuyo isanaione. Mukanakhalapo ndi mafoni anuwa nthawi imeneyo, munthuyu akanafika Khirisimasi ya 1989 ali pa ntchito? Zikho 13 za ligi zimene mumanyadira pokangana ndi anzanuzo zikanachokera kuti?

Nanga chichokereni iyeyo mu 2013, kufulumira kwabala chiyani? David Moyes anamupatsa mgwirizano wa zaka zisanu ndi chimodzi, anamuchotsa isanathe miyezi 11. Louis van Gaal anamuchotsa patangotha masiku awiri atatenga FA Cup mu 2016. José Mourinho, Ole Gunnar Solskjær, Erik ten Hag, onse njira yomweyo. Aliyense kubwera ndi maganizo ake, kugula osewera ake, kuchoka n'kuwasiya. Wobwera pambuyo apeza m'chipinda chovalira muli anthu ogulidwa ndi aphunzitsi anayi osiyana, wina anagulidwira mpira wothamanga, wina wodekha, onse pa malipiro oti timu ina iliyonse singawakwanitse, ndiye ugulitse bwanji? Sizoni ya 2024-25 timu imeneyi inathera pa nambala 15. Ndiye wina adzandiuze kuti mankhwala ndi kuchotsa mphunzitsi?

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi khalidwe lanu pa nthawi ya msika wa osewera. Munthu wamkulu, ntchito ili pa tebulo, iye maso pa foni kudikira kuti ndege yakutiyakuti yatera kuti. Waonera kanema wa mphindi zinayi pa YouTube, zigoli zokhazokha ndi nyimbo pansi, basi wadziwa kale kuti uyu ndiye mpulumutsi. Simunamuonepo akusewera mphindi 90. Simudziwa kuti mpira ukakhala kwa adani amathamanga kapena amayenda. Simudziwa kuti bondo lake linachitidwapo opaleshoni kangati. Koma timu ikapanda kumugula, mabwana ndi akuba, alibe chikondi, akufuna kutipha. Ikamugula n'kulephera, inu nomwe ndinu oyamba kufunsa kuti anavomereza ndani. Ndipo simudzifunsa kuti mphekesera zimenezi amazifalitsa ndani? Ajenti amadya pa kugulitsidwa kwa wosewera. Akamva kuti ochemerera a timu yakuti apsa mtima, mtengo amaukweza usiku womwewo. Phokoso lanulo ndi ndalama m'thumba mwa munthu amene sadziwa n'komwe kuti timu yanu imavala mtundu wanji.

Taonani August 2022. Manchester United yagonja 2-1 kwa Brighton pakhomo, kenako 4-0 ku Brentford, zigoli zonse zinayi m'chigawo choyamba. Dziko lonse kukuwa. Isanathe milungu itatu, Casemiro wa zaka 30 wafika, Antony wafika kuchokera ku Ajax pa ndalama zoposa £80 miliyoni. Munavina. Antony uja pofika January 2025 anali atabwereketsedwa ku Real Betis. Amene munavina aja, munasonkhako kangati kubweza ndalamazo?

Tsono yerekezani ndi Liverpool ya 2017. Jürgen Klopp ankafuna wotchinga kumbuyo mmodzi, Virgil van Dijk. Southampton inakana, nkhani inavuta mpaka Liverpool kupepesa poyera. Ochemerera anati gulani wina aliyense, bola akhale ndi miyendo iwiri. Klopp sanagule. Mu September anagonja 5-0 ku Manchester City. Mu October Tottenham inawathira 4-1 ku Wembley, wotchinga kumbuyo wawo Dejan Lovren anatulutsidwa chigawo choyamba chisanathe n'komwe, ndipo pambuyo pake anaulula kuti wina anamutumizira uthenga woopseza kupha banja lake. Klopp anadikirabe. January 2018 Van Dijk anafika pa £75 miliyoni, Philippe Coutinho anagulitsidwa ku Barcelona pa ndalama zoposa £100 miliyoni, miyezi ingapo Alisson anabwera kudzaima pagolo. Mu 2019 Champions League, mu 2020 ligi imene anali ataisowa zaka 30. Musaiwale kuti Klopp ameneyu anayamba wagonja mafainolo atatu ku Liverpool asanakweze kanthu. Inu wa machesi m'manja, mukanapirira fainolo yachiwiri?

Wosewera watsopano ndiye mumamuweruza ngati wakuberani. Thierry Henry anatha masewero asanu ndi atatu oyamba ku Arsenal osagoletsa. Anadzachoka ali womwetsa zigoli wamkulu m'mbiri ya timuyo, zigoli 228 zonse pamodzi. Luka Modrić wa Real Madrid, kumapeto kwa 2012, owerenga nyuzipepala ya Marca anamuvotera kuti ndiye wosewera wogulidwa molakwika kuposa onse mu ligi ya Spain chaka chimenecho. Mu 2018 anatenga Ballon d'Or. Amene anavota aja alipo anabwera kudzapepesa? Granit Xhaka anamukuwiza anthu a timu yake yomwe ya Arsenal mu October 2019 akutuluka m'bwalo, iye n'kupsa mtima, n'kulandidwa ukaputeni. Mu 2024 anali pakati pa Bayer Leverkusen imene inatenga ligi ya Germany osagonjako ngakhale kamodzi. Chelsea inali ndi Kevin De Bruyne, inali ndi Mohamed Salah, onse awiri ali anyamata. Analibe nthawi yowadikira. Anadzawaona akukweza zikho atavala za Manchester City ndi Liverpool.

Ena mwa inu mumati vuto ndi kuumira kwa eni timu, akanangotsegula chikwama zonse zikanatheka. Chabwino. Chelsea inagulidwa ndi eni ake atsopano mu May 2022. M'misika itatu yokha anamwaza ndalama zokwana pafupifupi £1 biliyoni. Enzo Fernández ndi Moisés Caicedo aliyense anadutsa £100 miliyoni. Mphunzitsi Thomas Tuchel anachotsedwa mu September, womulowa m'malo Graham Potter anachotsedwa mu April, osewera anachuluka mpaka mphunzitsi kusowa powaika. Sizoni yoyambayo anathera pa nambala 12. Barcelona italandira €222 miliyoni za Neymar mu 2017 inathamangira Ousmane Dembélé, Coutinho, kenako Antoine Griezmann. Mu 2020 Bayern Munich inawathira 8-2, ziwiri mwa zigolizo anamwetsa ndi Coutinho yemweyo, amene iwo eni anamubwereketsa kumeneko. Chaka chotsatira ngongole yafika €1.35 biliyoni, Lionel Messi akulira pamaso pa atolankhani chifukwa timu yalephera kumulembetsa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ana a masiku ano simuidziwa Leeds United ya 2001. Inafika mu semifainolo ya Champions League. Mabwana ake, motsogozedwa ndi Peter Ridsdale, anakongola £60 miliyoni podalira ndalama za pakhomo za zaka za m'tsogolo, poganiza kuti Champions League adzaisewera chaka ndi chaka. Sanaisewerenso. Anayamba kugulitsa, Rio Ferdinand wapita, Jonathan Woodgate wapita. Mu 2004 anatuluka mu ligi yaikulu, chaka chomwecho anagulitsa bwalo lawo la Elland Road pamodzi ndi malo ochitira zokonzekera. Mu 2007 anatsikira mu ligi yachitatu. Anadzabwerera mu 2020, patatha zaka 16. Mwana amene anabadwa chaka chimene anatsikacho anafika pomera ndevu asanaione timu ya bambo ake mu Premier League. Ndi zimenezi mukuzifuna? Masiku ano ndiye kulinso malamulo a zachuma. Mu 2023 timu ya mu Premier League sinkaloledwa kuluza ndalama zoposa £105 miliyoni m'zaka zitatu. Everton inalandidwa mapointi kawiri mu sizoni ya 2023-24, Nottingham Forest inalandidwa anayi. Mukamakuwa kuti gulani, gulani, mapointiwo akadzachotsedwa mudzawagoletsa ndinu?

Sindikunena kuti mphunzitsi aliyense ndi Ferguson wobisala. Alipo ena oti ngakhale mutawapatsa zaka khumi timu idzangozungulira pamodzimodzi. Aliponso eni matimu amene mawu akuti tikumanganso anawasandutsa chofunda, chaka chilichonse kugulitsa wosewera wabwino, ndalama osaoneka kumene zalowa. Amenewo afunseni, ndipo afunseni mwamphamvu. Koma kuti usiyanitse timu imene ikumangidwa ndi imene ikungodyedwa pamafunika kuonera mpira, osati zotsatira pa foni. Kodi osewera amene akugulidwa ndi a msinkhu umodzi, oti akulire limodzi? Kodi ukaonera lero ndi mwezi wamawa ukuona chimene akuyesa kuchita, ngakhale chikukanika? Kodi ana a ku akademi akupatsidwa mpata? Zimenezi simuziona m'masewero atatu. Mikel Arteta ndi Arsenal yake anathera pa nambala 8 kawiri kotsatizana. Sizoni ya 2021-22 anaiyamba ndi kugonja katatu, osagoletsa ngakhale chimodzi, 5-0 ku Manchester City, Arsenal ili pansi penipeni pa ligi. Anachotsa Mesut Özil, anachotsa kaputeni wake Pierre-Emerick Aubameyang, inu mukutukwana. Anatsamira pa Bukayo Saka ndi Martin Ødegaard. Kuyambira 2022-23 timu ija inayamba kulimbirana ligi chaka ndi chaka. Ambiri amene lero mumaimba dzina lake, tikafukula zimene munalemba mu August 2021 mungayang'ane anthu kumaso?

Komanso dziwani kuti mkwiyo wanuwu ena anautsegulira bizinesi. Aja amakhala kutsogolo kwa kamera masewero akangotha, mitsempha ili njo pakhosi, kukuwa kuti wakuti achoke. Timu ikapambana oonera amachepa. Ikagonja ndiye tsiku la malonda. Inu mumatenga mawu awo n'kumawabwereza ngati mwaganiza nokha, osadziwa kuti mnzanuyo akamaliza kukuwa amakawerenga ndalama.

Ndiye zafika pati? Loris Karius, wapagolo wa Liverpool, atalakwitsa mu fainolo ya Champions League ya 2018 analandira mauthenga omufunira imfa, madokotala n'kudzapeza kuti anali atavulala m'mutu m'masewero omwewo. Mu January 2020 gulu la anthu linapita kunyumba kwa Ed Woodward, bwana wa Manchester United pa nthawiyo, usiku n'kukaponya zoyakayaka pa mpanda, nyumba ya munthu wa ana aang'ono. Mu April 2022 apolisi anakafufuza kunyumba kwa Harry Maguire, kaputeni wa Manchester United pa nthawiyo, chifukwa wina anaopseza kuti aikako bomba. Saka, ali ndi zaka 19, anatukwanidwa chifukwa cha khungu lake ataphonya penate mu 2021. Zonsezi anachita ndi anthu amene amadzitcha okonda mpira. Anayamba ngati inuyo, ndi ndemanga imodzi yotukwana, anzawo n'kuwawombera m'manja.

Mukuganiza kuti mnyamata amene wawerenga kuti mkazi wake afe, Loweruka adzalandira mpira mtima uli m'malo? Adzauponya kumbuyo mwamantha, inu mudzamukuwizanso kuti ndi wamantha. Wosewera wabwino amene timu yanu ikumunyengerera kuti abwere, mukuyesa saona mmene mumachitira ndi anzake? Mukuthamangitsa anthu ndi pakamwa panu, kenako muzidabwa kuti bwanji akusankha kwina.

Ndinu akuluakulu, ena muli ndi zidzukulu. Ngati simungathe kudikira mpaka ligi ifike pakati, sankhani timu ina imene yapambana dzulo, mutisiye ife tionere mpira. Ndipo akazi a eni ake muwasiye. Manyazi mulibe?